Munthu Amene Ankawerenga Utsi

Lero ndi Khirisimasi, ndipo chakwana chaka chathunthu chiwapezereni a Layisoni Makwinja atamwalira. Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe si imfa yokhayo ayi. Ndi mawu amene a Kamwendo, mkulu wa mpingo wathu ku Wembley, ananena pa maliro awo. Anaima kutsogolo m'holo ya tchalitchi, suti yakuda, kampango koyera m'thumba la pachifuwa, n'kunena kuti malemuwa anali munthu wokonda kukhala yekha, ndiponso kuti anamwalira mwamtendere kunyumba kwawo. Anthu anagwedeza mitu, amayi ena anati ameni. Ine ndinangoluma mlomo poti pa maliro sitiyambitsa ndewu. Mawu onse awiriwo anali bodza, ndipo wonenayo ankadziwa bwino lomwe kuti ndi bodza. A Makwinja analibe nyumba, anali ndi boti. Ndipo ngati mu London muno munali munthu wodana ndi zoti mnzake azikhala yekha, munthuyo anali iwowo. Sindilola kuti bodza lija likhale mawu otsiriza onena za iwo.

Ndinawadziwa chifukwa cha kutukwana. Nthawi imeneyo bwalo la mpira la Wembley linali likumangidwanso, ine ndikugwira ntchito ya unamwino panyumba ina yosamalira okalamba ku Alperton. Pofuna kudula njira ndinkadzera kanjira ka m'mbali mwa ngalande imene imadutsa kumeneko. Ngalande yake si ya madzi a mvula ngati zakwathu zija. Ndi mtsinje wochita kukumba anthu, ndipo pamakhala maboti achitsulo, ataliatali koma opapatiza, omwe anthu amagonamo, kuphikamo ndi kulereramo ana. Mmawa wina ndikudutsa ndinamva mawu akuchokera kumbuyo kwa boti lobiriwira: "Chitsiru cha injini iwe! Mafuta ndakupatsa, madzi ndakupatsa, ukufunanso chiyani, mkazi?" Ndinaima chilili. Nditati odi, panatulukira mutu wa imvi, chipewa chaubweya chili pambali, masaya ali girisi yekhayekha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa mfunda wanga. Nditati Nachisale, anati, "Lowa Nachisale umwe tiyi, koma werama, denga lino silidziwa ulemu." Dzina langa la ubatizo sanalifunsepo mpaka imfa yawo.

Kwawo kunali ku Chipoka. Ali mnyamata ankagwira ntchito m'chipinda cha injini pa sitima za panyanja, mpaka tsiku lina, masiku a chipani chimodzi aja, ananena mawu osayenera pamaso pa munthu wosayenera kuwamva. Anathawa kudzera ku Zambia, anafika kuno, anakonza mabasi zaka zambirimbiri, anakwatira, n'kubereka mwana mmodzi, Tamanda. Akazi awo atamwalira anabweza makiyi a fulati n'kugula boti. Ankati nyumba ya njerwa yopanda mkazi wako imakuyankha ukatsokomola, pomwe boti limakugwedeza ngati mwana mpaka ugone. Zinthu zitasintha kumudzi anzawo ambiri othawa nawo anabwerera, iwo ayi. Ankati dziko limene linawatulutsira pawindo silingawaitanire pakhomo lisanapepese, ndipo kalata yopepesayo ankaidikirabe. Komabe pa 6 Julaye paliponse ankadzuka n'kumangirira kambendera kakang'ono kotuwa ndi utsi kumbuyo kwa boti, n'kukhala tsiku lonse osalankhula ndi munthu.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo, ntchito imeneyo ndawasiyira a Kamwendo. Anali munthu wamakani osaneneka. Malasha akachepa ankasonkhezera mbaula ndi matabwa otola, ena a penti, ndipo utsi wake unkatsamwitsa ndi abakha omwe. Tamanda anawachonderera kangapo kuti akakhale naye ku Woolwich. Iwo ankalankhula Chichewa, iye n'kumayankha Chingerezi, onse awiri mokweza, mpaka mwanayo atuluke akulira. Anawagulira foni ya m'manja, iwo anaizimitsa n'kuiika m'chitini cha tiyi, ati batire n'losunga. Kutchalitchi ankabwera mwa apo ndi apo, akununkha utsi, n'kukakhala dala pa benchi lakutsogolo, pakati pa amayi a mafuta onunkhira aja. Nyimbo ankaimba mothamanga kuposa kwaya, ndipo wa kiyibodi akalakwitsa ankatembenuka n'kumuyang'ana.

Ife Amalawi a kuno tinkachita nawo manyazi, tisanamizane. Kumbali tinkawatchula kuti agogo a m'ngalande. Ambirife timasenza okalamba a eni dziko, kuwasambitsa ndi kuwapukuta, timagona anthu asanu m'nyumba ya anthu awiri, koma pa zithunzi zotumiza kumudzi timatsamira galimoto ya munthu wina. Ndiye munthu wokhala pa boti, wotunga madzi pampopi wa m'mbali mwa njira, wonyamula yekha chidebe cha chimbudzi kukataya, ankationongera chithunzi. Chaka china amayi a chigwirizano anawatumizira katoni ya zitini za nyemba ndi masokosi, pamwamba atalembapo kuti ndi mphatso ya Khirisimasi kwa osowa pokhala. Lamulungu lotsatira a Makwinja anaisenza katoniyo pamutu kuchokera pa siteshoni, anadutsa nayo pakati pa mpingo nthawi ya chopereka, n'kuitula paguwa. Anauza abusa mokweza kuti zikapatsidwe kwa osowa pokhala enieni, iwo pokhala ali napo, ndipo pamayandama.

Chaka chilichonse, Lamulungu lomaliza Khirisimasi isanafike, ankaimirira nthawi ya zolengeza n'kuitana mpingo wonse ku boti. Chaka chilichonse anthu ankaseka mwaulemu n'kupita ku phwando la m'holo. Amene anapitako ndi ine ndekha, ndipo ulendo woyamba ndinangopita chifukwa shifiti yanga inathera pafupi.

Kuti mumvetse zimene zinawachitikira, muyenera kudziwa lamulo la pa ngalande. Boti lopanda pokocheza pake pokhazikika silikhala malo amodzi kupitirira masabata awiri, liyenera kusuntha. Koma nyengo yachisanu ikafika, oyang'anira ngalande ankalola kuti maboti angapo akocheze pamodzi mpaka kuzizira kutatha. Pa Alperton, kuseri kwa fakitale yakale imene inasiya kugwira ntchito, pankakocheza maboti asanu ndi anayi. Panali mphunzitsi wina wopuma pantchito, banja la ana awiri, bambo woimba gitala m'masiteshoni a sitima, ndi Maureen, gogo wa ku Ireland wapakamwa pakuthwa ngati lumo. Onse anali azungu kupatula a Makwinja, amene anzawowo ankangowatchula kuti Mak.

Boti lachitsulo moto ukangozima limasanduka firiji. Choncho lililonse limakhala ndi mbaula yachitsulo m'kati, chumuni chake chitatulukira padenga. Mmawa uliwonse wa nyengo yachisanu, asanamwe ndi tiyi yemwe, a Makwinja ankatenga sipanala yaikulu n'kuyenda kuchokera pa boti loyamba mpaka lotsiriza, maso ali m'mwamba. Pamene pakufuka utsi ankangodutsa. Pamene palibe ankagogoda katatu pachitsulo cha botilo, n'kuima pomwepo mpaka wina atayankha, ngakhale yankho likhale lotukwana. Palibe anawatuma ntchito imeneyi. Ankati pamtunda moni ndi wapakamwa koma pamadzi moni ndi utsi, munthu akakoleza moto wauza anzake kuti wadzuka. Ankakondanso kunena kuti kali kokha n'kanyama, n'kuwonjezera kuti kanyama ka pamadzi kamafa msanga.

Khirisimasi ya anthu amenewa inali yoti uione wekha ndi maso. Kutatsala masiku awiri ankamangirira maboti awiriawiri, mbali ndi mbali, n'kuyala matabwa kuti munthu azitha kuoloka kuchoka boti ili kupita ilo atanyamula poto. Timagetsi tamitundumitundu ankatikulunga kuchokera pa chumuni china kufika pa chinzake, jenereta ya a Makwinja ikulira ngati chigayo. Uvuni wa m'boti ndi waung'ono, nkhukundembo yathunthu singalowemo. Ndiye ankaiduladula, miyendo kukaphikidwa boti ili, nganga boti ilo, mbatata boti lachitatu, msuzi lachinayi. Panalibe boti limene likanadzitsekera n'kudya lokha n'kukhuta, ndipo ndikukhulupirira kuti anachita kukonza dala kuti zikhale choncho. Gawo la a Makwinja linali mpunga. Ankati Khirisimasi yopanda mpunga ndi Lachiwiri chabe. Mwezi wa Okutobala ankayamba kale kuvutitsa aliyense wochokera kumudzi kuti awatengere wonunkhira wa kwathu uja, ndipo akausowa ankagula wa m'masitolo a ku Peckham uku akuunyoza pamaso pa wogulitsa. Anaphunzitsanso azungu aja nyimbo imodzi ya Khirisimasi ya Chichewa, yomwe ankaipha chaka ndi chaka, iwo akuwatsogolera ndi chikombe cha mpunga ngati ndodo ya kwaya.

Tebulo linali chitseko chakale choikidwa pa migolo iwiri m'kanjira muja. Lamulo linali limodzi lokha, ndipo analikhazikitsa ndi iwo: palibe wokhudza chakudya mpaka mwini wa boti lililonse ataoneka, kapena kutadziwika kumene wapita.

Iwo ndi Maureen sankamwerana madzi. Chinayambitsa ndi mphaka wa Maureen, amene anasankha thumba la malasha la a Makwinja kukhala chimbudzi chake. Maureen naye ankati jenereta ija ndi imene idzamugonthetse m'kutu. Kugogoda kwa mmawa kuja ankadana nako koposa. Ankafuula ali m'kati kuti tsiku lina adzawathira madzi otentha, iwo n'kuyankha kuti akadzatero adzathokoza, chifukwa madzi otentha ndi umboni woti moto wayaka.

Khirisimasi yachiwiri imene ndinapitako kunazizira mpaka madzi a pamwamba pa ngalande anaundana. Itakwana 1 koloko masana chakudya chinali chitayalidwa, ana akudumphadumpha ndi njala, wa gitala wayamba kale nyimbo. Boti la Maureen linali zii, pa chitseko chakumbuyo pali loko wakunja. Mmawa a Makwinja anali atagogoda osayankhidwa, ndipo anthu anawauza kuti Maureen ananena yekha kuti chaka chino akadyera kwa mchemwali wake ku Kilburn. Loko ali apo, ankafunanso umboni wanji? Koma titazungulira tebulo, iwo anaima patali, sipanala ili m'manja, akuyang'anitsitsa denga la boti lija.

"Bambo, mpunga ukuzizira," ndinatero.

"Nachisale, taona chumuni icho."

"Ndachiona. Palibe utsi poti mwini wake kulibe."

"Ndiwe wapamtunda iwe. Munthu wa pa boti akamachoka kukagona kwina amazula chumuni n'kuvundikira bowolo, kuopa mvula ndi akuba. Maureen chumuni chake amachipukuta kuposa nkhope yake, angachisiye chili chiimire? Loko uyo amakhala pomwepo masiku onse, iye amalowera pa kachitseko ka m'mbali. Ali m'katimo ameneyu."

Ena anadandaula kuti kuthyola boti la munthu, makamaka la Maureen, n'kuputa mavu.  A Makwinja anakanula kachitseko ka m'mbali ndi sipanala ija, mphaka anatuluka liwiro, ndipo anandikankhira ine patsogolo poti ndine namwino. Tinampeza ali pansi pakati pa bedi ndi mbaula yozima, fupa la m'chiuno litathyoka, milomo itada, mawu atatha. Anagwa dzulo lake akutsitsa chikwama cha ulendo wa ku Kilburn uja. Kugogoda kwa mmawa anakumva ndithu, koma analibe mphamvu yoyankhira. Tinamufunditsa mabulangete a maboti onse, a Makwinja anakoleza mbaula yake, mphunzitsi uja anathamangira pamlatho kukalondolera ambulansi. Mpunga wotsala pamoto unapserera, nkhukundembo tinaidya yozizira, ndipo palibe anadandaula. Maureen atatuluka m'chipatala akuyendera ndodo, mawu ake oyamba kwa a Makwinja anali ofunsa amene anawaloleza kumuwonongera kachitseko. Anakakonza okha uku akutukwanizana naye, ndipo kuyambira tsiku limenelo mphaka ankachita zake m'malasha popanda womupirikitsa.

Tsopano ndibwerere kwa a Kamwendo. Achinyamata sadziwa, koma akuluakulu akudziwa, kuti a Kamwendo atangofika m'dziko lino, alibe ndi jekete lomwe, anagona miyezi isanu ndi itatu pabalaza pa a Makwinja. Malemu mayi Makwinja ankawachapira zovala. Fomu yawo yoyamba yofunsira ntchito anawalembera a Makwinja. Zaka zinapita, a Kamwendo anakwera mpaka kukhala bwana wa nyumba zosamalira okalamba, ndipo zimenezo sitikuwachitira nsanje. Fakitale yakale ija itagwetsedwa, pamalopo anamangapo mafulati a magalasi okhaokha, otsatsidwa kuti ndi a m'mbali mwa madzi, ndipo a Kamwendo anatenga ya pamwamba penipeni. Anthu a m'mafulatiwo ankafuna madzi, abakha, ndi kaboti kopentedwa bwino kodutsa Lamulungu masana kuti ana aimike manja. Sankafuna utsi, matumba a malasha, zovala zoyanikidwa padenga, kapena nkhalamba yogogoda chitsulo mmawa. Anapanga komiti n'kulemba kalata yodandaula kwa oyang'anira ngalande, kupempha kuti maboti asamakochezenso pamenepo nyengo yachisanu. Wapampando wa komitiyo, dzina loyamba pansi pa kalatayo, anali a Kamwendo.

A Makwinja atamva anavala jekete la kutchalitchi n'kundipempha kuti ndiwaperekeze. Tinaima pageti la mafulati, iwo n'kudina batani. A Kamwendo sanatsike. Analankhula nafe kudzera pa kabokosi ka pakhoma.

"Bambo Makwinja, pepani ndili bize pang'ono. Nkhani iyi si ya inuyo ayi, ndi ya health and safety. Ma resident akudandaula utsi, ena ali ndi asthma."

"Za utsi ndavomera, Kamwendo. Matabwa a penti ndasiya, tonse tagwirizana kugula malasha osafuka kwambiri. Koma musatibalalitse nthawi yozizira. Pali nkhalamba pano. Tikakhala pamodzi timaonana."

"N'chifukwa chake tikunena kuti pa age yanuyi mupite kwa Tamanda, kapena tikupezereni malo ku home ya okalamba. Komanso kunena zoona bambo, anthu pano amadziwa kuti ndine Mmalawi. Akakuonani ndi chidebe chija amandifunsa mafunso."

Ine ndinafuna kukayankha kabokosiko, koma a Makwinja anandigwira mkono. Kenako anaweramira pomwepo n'kunena pang'onopang'ono, "Bulangete lija unkafunda kwathu lilipobe. Ukadzazizidwa udzagogode, ife timatsegula." Kabokosi kanangolira kamodzi n'kuzima. Njira yonse yobwerera ananena mawu amodzi okha, akuti chifundo chinapha nkhwali.

Chaka chotsatira chilolezo chokocheza pamodzi chija chinachotsedwa, anakhoma zikwangwani. Maboti asanu ndi anayi aja anamwazikana, aliyense kusuntha masabata awiri alionse kufunafuna pamene pali mpata. Wina anali ku Greenford, wina ku Kensal, banja la ana lija linagulitsa boti n'kusamukira kumpoto kwa dziko. A Makwinja anayesa kupitiriza ntchito yawo pa njinga yakale, kuyendera amene akanawafikira, koma mawondo a munthu wopitirira zaka makumi asanu ndi awiri sagwirizana ndi kanjira koterera. Otsalawo anapangana chinthu chimodzi: zivute zitani, pa Khirisimasi adzakumana pa malo akale, tsiku limodzi lokha, a m'mafulati akwiye ngati akufuna.

A Makwinja ndinawaona komaliza kutatsala sabata ndi theka kuti Khirisimasi ifike. Anali atakocheza kuseri kwa phiri la Horsenden, kumene kulibe nyumba, kuli mitengo ndi bwalo la gofu basi. Anandionetsa thumba la mpunga wa kwathu weniweni, umene mayi wina anawatengera pochokera ku maliro kumudzi, n'kundiuza kuti ndinunkhize kaye ndisanakhale pansi. Ndinawauza kuti ayatse foni. Anati ayatsa. Ndinadziwa kuti sayatsa, ndipo ndinadziwanso kuti kuchokera kuntchito kwanga kukafika kumeneko ndi mtunda woti munthu n'kuyenda wapansi osakwana ola. Sabata imeneyo ndinali ndi mashifiti aatali, kunja kukuzizira koopsa. Sindinapite. Mlandu umenewo ndi wanga, ndipo sindikuupereka kwa a Kamwendo.

Pa tsiku la Khirisimasi maboti asanu ndi limodzi anafika pa malo akale. Timagetsi tinamangidwa, chitseko chinaikidwa pa migolo, anthu a m'mafulati akutijambula ali pamakhonde kuti akatinenere. Boti lobiriwira silinaoneke. Itadutsa 1 koloko wina anati mwina injini yawavuta monga mwa masiku onse, tiyambe kudya adzatipeza. Maureen anamenya tebulo ndi ndodo yake mpaka mbale zinadumpha. Anati aliyense wogwira foloko Mak asanaoneke amuthyola dzanja. Tinakwera boti lake anthu anayi, likuswa madzi oundana kutsogolo. Titakhota pa Horsenden, Maureen anazimitsa injini. Timagetsi tinali titakulungidwa kale padenga la boti lobiriwira, tikudikira ulendo. Chumuni chinali chiimire. Chisanu cha padenga chinali chosasungunuka, ngakhale pozungulira chumunicho.

Amene anagogoda ndi Maureen, katatu, ndi ndodo yake. Anagogodanso. Kenako anakhala pansi m'kanjira momwemo n'kuyamba kuwatukwana mokweza, misozi ili chuchuchu.

Adokotala anati a Makwinja anagwa ndi sitiroko masiku atatu m'mbuyomo, sitiroko yoti munthu akapezeka msanga amapulumuka, ndipo chimene chinawatsiriza ndi kuzizira. Ine ndine namwino, tanthauzo la mawu amenewo ndikulidziwa. Akutanthauza kuti mmawa woyamba anali moyo, mwinanso ndi wachiwiri womwe. Anagona pansi m'boti lawo moto utazima, akumvetsera ngati wina agogoda, munthu amene anagogodera anzake zaka zonse zija. Pa malo akale paja, pakati pa maboti asanu ndi anayi, dzuwa silikanakwera wina asanaone kuti chumuni cha Mak sichikufuka. Thumba la mpunga linali patebulo, foni ili m'chitini cha tiyi.

Ndiye wina aime pamaso panga n'kunena kuti anali wokonda kukhala yekha! Pa maliro anthu a maboti anabwera onse, ndi banja linasamukira kumpoto lija lomwe, atavala zimene anali nazo. Otsogolera mwambo anawakhazika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Pa ndondomeko panalibe mpata woti mmodzi wa iwo alankhule, koma wa a Kamwendo unalipo, wautali ndithu. Tamanda, atasweka mtima komanso osadziwa bwino miyambo yathu, anangosiya zonse m'manja mwa akuluakulu a mpingo, ndipo sindimuimba mlandu. Maureen Chichewa samva, ndiye anandikoka mkono n'kufunsa zimene bambo wa suti uja akunena. Ndinamunamiza kuti akuwerenga vesi. Ndikanamuuza zoona ndodo ija ikanagwira ntchito m'nyumba ya Mulungu, ndipo masiku ena ndimadandaula kuti sindinamuuze.

Potuluka ndinakumana nawo pakhomo a Kamwendo. "Sister, zikomo pobwera, very sad," anatero. Ndinawafunsa ngati chifuwa cha ma resident awo chinapola. Anayang'ana kumbali n'kupereka moni kwa munthu wina. Mpaka lero akadali mkulu wa mpingo, ndipo ndi amene akonza phwando la m'holo la chaka chino. Mutu wa ulaliki wake akuti ndi kukumbukira osungulumwa.

Ine kuholoko sindinapite. Boti lobiriwira Tamanda analigulitsa, sipanala anampatsa Maureen, amene tsopano amakocheza kutali, kunja kwa London. Ndamva kuti anthu a kumeneko akumudandaula chifukwa chowagogodera mmawa uliwonse.

Masana ano ndinatsikira pa malo akale aja. Mphete zachitsulo zomangirirapo zingwe zilipobe m'mphepete mwa kanjira, zachita dzimbiri, zina zakwiririka ndi ndere. Pa kakhoma kotsala ka fakitale pali banga lakuda pamene utsi wa boti lobiriwira unkagunda. Anayesa kulipenta koma likuonekabe. Pamene pankakhala migolo iwiri anaikapo benchi latsopano, lonyowa, lomwe sindinaonepo munthu atakhalapo, ndipo pambali pake pali chikwangwani choletsa kukocheza. Madzi ali phee, abakha awiri akungozungulira. Pamakhonde a mafulati timagetsi ta Khirisimasi tikuthwanima, mawindo onse ali otseka, ndipo sungadziwe m'mene muli munthu wodzuka ndi m'mene muli wogwa pansi. Ndinangozindikira maso anga akwera okha m'mwamba, akuyenda kuchokera pamene pankaima boti loyamba mpaka lotsiriza, monga ankachitira a Makwinja. Mpweya wayera ndithu, a Kamwendo, mwapambana. Utsi palibe ndi pamodzi pomwe, ndipo palibenso poti munthu agogode.